Wadziŵa Bwanji? Za Phunziro la Mbiri pa Yunivesite ndi Pepala la Chaka Chotsiriza

Mnyamata kapena mtsikana amene wakhoza bwino mayeso a mbiri ku sekondale amafika pa yunivesite akuganiza kuti mbiri ndi mtolo womangidwa kale, ndipo kuti ntchito yake iye ndi kungousenza. Adaloŵeza pamtima kuti David Livingstone adafika pa Nyanja ya Malaŵi mu 1859, kuti dziko lino lidaloŵa m'manja mwa Angerezi mu 1891, ndi kuti John Chilembwe adaukira boma la atsamunda mu 1915. Poti mayeso ankafunsa zomwezo, iye adapambana. Palibe cholakwa pamenepa, pakuti nyumba siimangika popanda njerwa. Koma aphunzitsi a mbiri pa yunivesite ali ndi cholinga china, ndipo cholingacho chimaonekera kwathunthu m'chaka chotsiriza, pamene wophunzira amauzidwa kuti asankhe funso lakelake, akafune yekha umboni, alembe pepala lalitali, kenaka aimirire pamaso pa anzake ndi aphunzitsi kuti ayankhe pa zimene walembazo. M'maiko ambiri ntchito imeneyi ndiyo imasiyanitsa digiri wamba ndi digiri yotchedwa honours. M'nkhani ino tiona chimene ntchitoyi ili, kumene idachokera, ndi zimene idabala kuno kwathu ku Chancellor College.

Zaka ziŵiri kapena zitatu zoyamba ndi zolima mphanje. Wophunzira amamvera aphunzitsi, amaŵerenga mabuku, nalemba nkhani zazifupi. Chodabwitsa choyamba chimene amakumana nacho nchakuti akatswiri, onse ophunzira ndiponso oona mtima, akhoza kuyang'ana chinthu chimodzi koma nkufika pa mfundo zosiyana. Titenge Chilembwe yemwe uja. George Shepperson ndi Thomas Price, m'buku lao la 1958 lotchedwa Independent African, adamuona ngati kalambulabwalo wa nkhondo yomenyera ufulu. George Mwase, amene adalemba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930, adamuona ngati munthu wodzipereka dala kuti afe, potsata chitsanzo cha John Brown wa ku America. Jane ndi Ian Linden, mu 1971, adatsindika za chiyembekezo cha kutha kwa dziko chimene chinali m'mitima ya ambiri pa nthaŵi ya nkhondo yaikulu yoyamba. Wophunzira wachaka choyamba, ataŵerenga zonsezi, amafunsa modandaula kuti, "Nanga woona ndani?" Mphunzitsi wanzeru samuyankha, koma amambwezera funso lina: aliyense wa iwoŵa wadziŵa bwanji zimene akunenazo?

Funso limeneli lili ndi mbiri yakeyake. Mu 1440 Lorenzo Valla adaonetsa kuti chikalata chimene anthu ankati adalemba ndi mfumu Constantine, chopereka ulamuliro wa maiko akuzambwe kwa Papa, chinali chopeka. Adazindikira zimenezi poyang'ana Chilatini chake, chimene chinali ndi mau amene sankagwiritsidwa ntchito m'masiku a Constantine. Patapita zaka zoposa 200, Daniel Papebroch, Mjezuiti wa m'gulu lofufuza mbiri za oyera, adakayika zikalata zambiri zakale zosungidwa m'nyumba za amonke. Jean Mabillon, wa chipani cha Benedikto Woyera, adamuyankha mu 1681 ndi buku lotchedwa De re diplomatica, m'mene adayala njira zoyesera chikalata: kalembedwe ka zilembo, chidindo, chikopa cholembapo, kaŵerengedwe ka masiku. Papebroch ataliŵerenga, adalemba kalata yovomera kuti mnzakeyo ndiye adalondola. Nkhani imeneyi ndimaikonda, chifukwa muli zonse ziŵiri zimene wophunzira mbiri ayenera kuzizoloŵera, kukayika mwaluso ndi kulola kugonja pamene umboni wamtsutsa.

Amene adasandutsa luso limeneli kukhala njira yophunzitsira achinyamata ndi Leopold von Ranke wa ku yunivesite ya Berlin. M'zaka za m'ma 1830 iye ankasonkhanitsa ophunzira oŵerengeka m'chipinda chake choŵerengera, naŵapatsa zikalata zenizeni kuti aziyese, ndipo aliyense ankaŵerenga zimene wapeza anzake nkumamtsutsa. Msonkhano wotere udadzatchedwa semina. Aŵerengi a magazini ino aona msanga kuti mauŵa ndi apachibale ndi seminale: onse aŵiri amachokera ku liwu lachilatini lakuti seminarium, ndiye kuti nazale, malo ofeserapo mbeu zisanaokedwe kumunda.

Dzina lakuti honours lidachokera ku England, kumene kuyambira cha mu 1800 yunivesite ya Oxford idakhazikitsa mayeso ovuta kwa ofuna ulemu wapadera, ndipo mu 1872 mbiri yamakono idakhala phunziro loima palokha kumeneko. Frank Aydelotte, Mmereka amene adaphunzira ku Oxford, adatengera nzeruyi ku Swarthmore College mu 1922: ophunzira osankhika ankamasulidwa ku makalasi wamba kuti aziŵerenga paokha ndi kukumana m'masemina, ndipo pamapeto ankayesedwa ndi akatswiri ochokera ku masukulu ena. Ku Princeton wophunzira aliyense wa mbiri amalemba pepala lotere asanalandire digiri. Ku Scotland honours ndi digiri ya zaka zinai, pamene ku South Africa ndi chaka choonjezera pambuyo pa digiri ya zaka zitatu. Maina ndi malamulo amasiyana, koma pafupifupi ponseponse pamafunika pepala la mau ngati 10,000 kapena kupitirira, lochokera ku magwero enieni, lolembedwa ndi wophunzira yekha moyang'aniridwa ndi mphunzitsi mmodzi.

Kuno ku Africa ntchito imeneyi idapeza kulemera kumene inalibe ku Ulaya. Wophunzira wa ku Oxford akamalemba za mafumu a ku England amakunkha m'munda umene akatswiri mazanamazana adakolola kale. Wa ku Africa m'zaka za m'ma 1960 ankaloŵa m'tchire losatemedwa. Mu 1963 Hugh Trevor-Roper, mkulu wa phunziro la mbiri ku Oxford, adanena poyera kuti Africa inalibe mbiri yoti nkuphunzitsa, kupatula ya Azungu okhala m'menemo. Koma zaka ziŵiri zimenezi zisanachitike, mu 1961, Jan Vansina anali atatulutsa kale buku loonetsa kuti mbiri yapakamwa ikhoza kuyesedwa ndi malamulo okhwima monga momwe Mabillon ankayesera zikopa zake. Tsono mayunivesite atsopano adazindikira kuti ali ndi chuma chimene London ndi Paris analibe, ndicho ophunzira olankhula zilankhulo za m'midzi, odziŵa kugwada ndi kuomba m'manja pamaso pa mfumu, amene agogo ao adaona zinthu ndi maso. Ku Dar es Salaam mu 1968 ophunzira adatumidwa kummwera kwa Tanzania kukafunsa okalamba za nkhondo ya Maji Maji ya 1905 mpaka 1907, ndipo zimene adalemba zikugwirabe ntchito m'mabuku a akatswiri.

Yunivesite ya Malaŵi idatsekula zitseko zake mu 1965 ku Chichiri, mu Blantyre, ndipo Chancellor College idasamukira ku Zomba mu 1973. Kuchokera mu 2021, pamene makoleji ena adapatuka nakhala mayunivesite paokha, dzina lakuti Yunivesite ya Malaŵi lidatsalira pa sukulu ya ku Zombayo. Chigawo cha mbiri, chimene m'zaka zoyamba ankatsogolera ndi Bridglal Pachai, chidakhazikitsa mwambo wakuti ophunzira achaka chotsiriza azichita kafukufuku waowao ndi kuŵerenga mapepala ao m'semina. Mapepalawo ankatayipidwa, nkuchulukitsidwa pa makina, ena nkusungidwa m'laibulale. M'zaka zotsatira padaphunzitsa anthu monga Bertin Webster, amene adachita kale ntchito yonga yomweyo ku Makerere, John McCracken, Megan Vaughan, ndi Amalaŵi aŵiri odziŵika, Kings Phiri wofufuza za Acheŵa ndi Owen Kalinga wofufuza za Angonde. Munthu akatsekula mabuku akuluakulu a mbiri ya dziko lino, monga A History of Malawi la McCracken la 2012, nayang'ana pamene mlembi akutchula magwero ake, amapeza mapepala a ophunzira aja ali pakati pa zolemba za maprofesa.

Chifukwa chimodzi chimene mapepalaŵa adakhalira ofunika chotere ndi moto. Mu 1919 maofesi a boma ku Zomba adapsa, ndipo zikalata zambiri za zaka zoyamba za ulamuliro wa atsamunda zidasanduka phulusa. Amene afuna kudziŵa za nkhondo za Harry Johnston ndi mafumu a Ayao, za chiyambi cha msonkho wa nyumba, kapena za m'mene malo a ku Thyolo ndi Mulanje adagwera m'manja mwa Azungu, sapeza zokwanira ku National Archives ya ku Zomba. Ayenera kufuna makope amene adatumizidwa ku London, zolemba za amishoni, ndi zokumbukira za anthu. Njira ya ku London inali yotsekeka kwa wophunzira wosauka, koma njira ya kumudzi inali yotseguka.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi funso, ndipo apa mpamene ambiri amapunthwa. Wophunzira amabwera kwa mphunzitsi nati, "Ndifuna kulemba mbiri ya Alomwe." Umenewu ndi mutu chabe, ndipo ndi waukulu woti munthu nkukalamba nao. Mphunzitsi amamthandiza kuusema mpaka utasanduka funso lotheka kuyankhidwa pa miyezi isanu ndi umodzi: mabanja a Alomwe amene adakhazikika pa esiteti yakutiyakuti adachokera kuti, adabweranji, ndipo thangata lidasintha bwanji ntchito za amai ndi abambo pabanja? Funso laling'ono lotere limaoneka lonyozeka kwa wachinyamata wofuna kutchuka, koma ndilo lokha limene angalikumbe mpaka pansi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Akapita ku nkhokwe ya zikalata amaphunzira msanga kuti pepala lililonse lidalembedwa ndi munthu amene anali ndi chofuna chake. Lipoti la bwana DC lidalembedwa kuti bwanamkubwa aone kuti boma lakelo lili pamtendere ndipo msonkho ukuyenda. Umboni wa anthu a Chilembwe amene adagwidwa mu 1915 udaperekedwa ndi anthu oyang'anana ndi imfa, ndipo wina adauika m'Chingerezi. Mabuku a tsiku ndi tsiku a pamishoni nawonso ndi chuma chachikulu: la Ambuye Oyera amene adakhala kwa Mponda kuyambira 1889 mpaka 1891 limafotokoza za malonda a akapolo monga adaŵaonera pakhomo pao, ndipo Ian Linden adagwiritsa ntchito mabuku a ku Mua ndi mishoni zina polemba za mkangano wa amishoni ndi Nyau m'buku lake la 1974. Koma wolemba bukulo anali mlendo, ankalemba m'Chifalansa, ndipo anali mbali imodzi ya mkanganowo. Wophunzira sataya umboni wotere, ndiponso saumeza wathunthu. Amafunsa kuti mlembiyo adaona yekha kapena adachita kumva, adalemba tsiku lomwelo kapena patapita zaka, ankalembera yani, ndipo nchiyani chimene sakadatha kuchiona ngakhale akadafuna. Ndinene modutsa kuti mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a maliro amene ali m'makabati a maparishi athu ndi magwero a mtundu womwewu, ndipo chiswe sichisiyanitsa buku la 1910 ndi nyuzipepala ya dzulo.

Mbiri yapakamwa ili ndi misampha yakeyake, ndipo ndiyenera kukhalitsa pamenepa chifukwa ambiri amaganiza kuti kufunsa agogo nkosavuta. Msampha woyamba ndi dzina. Pakati pa Acheŵa woloŵa ufumu amaloŵanso dzina, kotero kuti Kalonga, Undi kapena Mwase si munthu mmodzi koma mndandanda wa anthu. Wokalamba akanena kuti Undi adachoka ku Mankhamba, nakagonjetsa maiko akuzambwe, nachita malonda a minyanga ndi Apwitikizi, mwina akulumikiza ntchito za mafumu angapo a mibadwo yosiyana ngati za munthu mmodzi. Iye sakunama, akulankhula monga mwambo umalankhulira. Msampha wachiŵiri ndi mpando. Mbiri ya ufumu imanenedwa ndi anthu amene ali ndi gawo pa ufumuwo, ndipo banja limene lidalandidwa udindo lili ndi mbiri ina imene siinenedwa pabwalo. Wophunzira akangofikira kwa mfumu ndi nduna zake, nabwerera osacheza ndi amai achikulire kapena mbumba ya mbali inayo, wamva theka la mlandu.

Msampha wachitatu ngwobisika koposa. M'zaka za m'ma 1940 Samuel Nthara adasindikiza Mbiri ya Acheŵa, ndipo bukuli lidaŵerengedwa kwambiri m'masukulu. Patapita zaka 30, wofufuza akhoza kufika pamudzi, nkhalamba nkumuuza mwadongosolo za ulendo wochokera ku Uluba, iye nkukondwa kuti wapeza umboni wogwirizana ndi Nthara, osadziŵa kuti nkhalambayo idaŵerenga Nthara yemweyo ili mnyamata, kapena idamva kwa mphunzitsi wa pamudzipo. Mboni ziŵiri zikagwirizana chifukwa ina idamva kwa inzake, ndiye kuti mboni ndi imodzi. Nchifukwa chake wophunzira amalangizidwa kuyamba ndi kufunsa mbiri ya wolankhulayo: adabadwira kuti, mfunda wake ndani, adapita kusukulu kapena ai, nkhaniyi adamuuza ndani.

Pofuna kuika zaka pa nkhani zapakamwa, amafuna pamene zikukumana ndi umboni wa mtundu wina. Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, adayenda kuchokera ku Tete mpaka ku Kilwa mu 1616, ndipo adalemba za mfumu yamphamvu dzina lake Muzura imene idamlandira panjira. Apo pali chaka chodziŵika. Komabe akatswiri adatsutsana ngati Muzurayo anali Kalonga kapena mfumu ina yapadera. Zokumbidwa pansi nazo zimalankhula: Yusuf Juwayeyi adakumba ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, napeza mikanda, mbale zochokera kutali ndi zotsalira za minyanga, ndipo buku lake la 2020 limayesa kulunzanitsa zimenezi ndi mbiri yapakamwa. Wophunzira wachaka chachinai sangathetse mikangano yotere, koma ayenera kudziŵa kuti ilipo, kuti asalembe motsimikiza pamene akuluakulu akukayika.

Nthaŵi zina umboni umabisala pamene palibe amene adaganiza zokafunapo. Pofufuza za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, Megan Vaughan adamvetsera nyimbo zimene amai ankaimba pamtondo. Mafailo a boma ankakamba za mvula, chimanga ndi kuchuluka kwa anthu. Nyimbo zija zinkakamba za amuna amene adachoka kunka kukafuna chakudya osabweranso, ndi za maukwati amene adatha chaka chimenecho. Buku lake la 1987 lidaonetsa kuti njala siidagwere onse mofanana, ndipo kuti amai osiyidwa ndiwo adasauka koposa.

Kulemba ndiko kumaulula ngati wophunzira wamvetsa. Chiganizo chilichonse chonena kuti chakutichakuti chidachitika chiyenera kukhala ndi kanambala kotsogolera woŵerenga kumunsi kwa tsamba, kumene kwalembedwa failo, buku, kapena dzina la wofunsidwa, mudzi wake ndi tsiku la kuchezako. Ena amayesa timanambalati ndi zokometsera za anthu ophunzira. Ntchito yake ndi yakuti wina aliyense wokayika athe kulondola mapazi a mlembi nakadzionera yekha. Kutenga mau a wina osamtchula ndi kuba, ndipo mayunivesite amalanga mlandu umenewu koposa ina yonse. Tsiku la semina likafika, anzake amakhala ataŵerenga kale pepalalo, ndipo mafunso amagwa ngati matalala. Wafunsa anthu angati? Onsewo ngambumba imodzi? Bwanji ukukhulupirira DC pa tsamba 6 pamene wamkana pa tsamba 11? Mphunzitsi woyang'anira amakhala chete, pakuti mlandu ngwa mwini pepala. Amene amayankha kuti "apa umboni wanga ngwochepa" kaŵirikaŵiri amapeza malikisi abwino kuposa amene amaumirira.

Sitinganene za zaka zimenezo osatchula mantha. Kuyambira pa mkangano wa nduna wa 1964 mpaka ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, panali mitu imene munthu sakadailemba. Maina a Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume sankatchulidwa poyera, lamulo la 1968 lidapatsa boma mphamvu zoletsa mabuku, ndipo Dr. Banda mwini wake anali ndi maganizo ake okhazikika pa za mbiri ya Acheŵa ndi Amaravi. Wophunzira wofunsa mafunso m'mudzi ankayenera kusamala kuti asaoneke ngati kazitape, ndipo wofunsidwa naye ankayeza mau ake. Kunena zoona, ichi nchimodzi mwa zifukwa zimene kafukufuku wambiri wa nthaŵiyo adaloza ku mafumu akale, malonda, ulimi ndi mishoni, kusiya ndale za dzulodzulo. Woŵerenga mapepala aja lero ayenera kuŵafunsa funso lomwe lija limene eni ake ankafunsa bwana DC: nchiyani chimene mlembiyu sakadatha kulemba?

Si mapepala onse amene anali abwino, ndipo mpaka lero si onse. Ena ndi mndandanda wa zonena za nkhalamba zitatu wopanda kuyesa kulikonse. Ena amatamanda mtundu wa mlembi kapena mpingo wake, pakuti kufufuza kwanu kuli ndi phindu la chilankhulo komanso chiyeso cha kukondera: nkovuta kulemba kuti agogo a mfumu yakwanu ankagulitsa anthu, pamene maŵa udzapita kukapempha malo kwa mfumu yomweyo. Ndalama zoyendera zimachepa, ndipo mphunzitsi mmodzi akayang'anira ophunzira ambiri, kuyang'anirako kumangotsala dzina. Masiku ano padaonjezeka chiyeso cha intaneti, kumene munthu akhoza kusonkhanitsa masamba 40 osaonana ndi chikalata chimodzi kapena munthu mmodzi wamoyo. Ngakhale zili choncho, pepala lofooka limene lidasunga mokhulupirika mau a munthu wobadwa mu 1890 lili ndi mtengo umene sungagulidwenso, chifukwa mwini mauwo adapita.

Nchifukwa chake aphunzitsi osamala amafuna kuti wophunzira asapereke pepala lokha, koma aperekenso makope ake a kumudzi ndi mau amene adajambula, atalembapo bwino maina, malo ndi masiku, ndiponso atapempha chilolezo cha olankhulawo. Ophunzira a 1970 ankacheza ndi anthu amene adaona Chilembwe akulalika ku Mbombwe. A lero sangathenso kutero, koma ali ndi mboni zao: munthu amene anali ndi zaka 15 pa 3 Malichi 1959, tsiku limene boma la atsamunda lidalengeza za ngozi m'dziko ndipo asilikali adaombera anthu padoko la Nkhata Bay, adabadwa cha mu 1944 ndipo wapitirira zaka 80. Amene adagwira ntchito m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, amene adakhala m'ndende ya Mikuyu, amene adavota pa riferendamu ya 1993, ambiri akadali m'midzi ndi m'matauni mwathu, ndipo mitu imene inali yoletsedwa kale tsopano wophunzira wachaka chachinai akhoza kuisankha.